Intercooler ya kaunjika pa Forester yanga, chilimwe ndi dzinja zitadutsa

Ndinadikira dala kuti dzuwa la Okutobala lidutse kaye ndisanalembe izi, chifukwa mu Juni, kukuzizira, intercooler iliyonse imaoneka yabwino. Galimoto yake ndi Subaru Forester ya turbo ya 2004, injini ya EJ20, zija zochokera ku Japan zokhala ndi chibowo pa boneti. Intercooler ndi chipangizo choziziritsa mpweya womwe turbo imakankhira mu injini, ndipo imakhala pamwamba pa injini, kunsi kwa chibowocho.

Yakale inang'aluka m'mbali. Ndikaponda moto ndinkamva fyuu, mphamvu n'kuchepa, petulo n'kumangotha. Makaniko anandifotokozera kuti sensa imawerenga mpweya usanafike pa turbo, ndiye kompyuta imathira petulo wokwanira mpweya wonsewo pamene wina wathawira panjira.

Ina ndinaipeza ku Ndirande, yochotsedwa m'Forester yomwe inagundidwa kumbuyo. Apa ndi pamene pagona nkhani. Tisanapereke ndalama, makaniko anatseka makomo ake ndi zitsekerero zomangidwa ndi makilampu, n'kupopera mpweya wa kompulesa mpaka pafupifupi 1 bar, kenaka n'kuwaza madzi a sopo m'malo onse olumikizira. Yoyamba imene anatipatsa, yowala bwino kunja, inatulutsa tithovu pakona. Wogulitsa anati, "Bwana, kameneko n'kakang'ono, timata." Tinakana. Yachiwiri inali yakuda, tizipsepse take (timalata topyapyala tomwe mphepo imadutsamo) tina topindika, koma sinatulutse thovu n'limodzi lomwe. Makaniko anaipendeketsanso kuti aone zotuluka m'kati. Kaoyilo kongonyowetsa chala si vuto, kamachokera m'paipi yopumira injini. Oyilo wochita kuchucha, kapena tizitsulo tonyezimira, ndiye kuti turbo ya galimoto inayo inafera momwemo, ndipo zinyenyeswazo zidzathera mu injini yanu.

Tinaitsuka ndi palafini, n'kuiyanika mpaka itauma gwa. Tizipsepse anatiwongola kamodzikamodzi ndi kasikuludiraiva kakang'ono, ntchito ya ola lathunthu. Paipi ya mphanda yapansi, makilampu ndi gasiketi ya valavu ya bypass (yomwe imapatutsa mpweya wa turbo ukachotsa phazi pamoto) tinaika zatsopano. Labala wakale amauma ndi kutentha, ndipo pamenepa sindikanalola za kaunjika.

Nanga ikuyenda bwanji? Mayeso ake enieni ndi mtunda wa ku Chikwawa, kuchoka pa Thabwa kukwera kupita ku Blantyre masana a Novembala, anthu odzaza, matumba a mpunga kumbuyo. Imakwera osadandaula, kulira kuja kunatha, ndipo petulo anabwerera mwakale. Koma musanamizidwe kuti kusintha intercooler chonchi kumawonjezera mphamvu. Mpweya wochoka mu turbo umatha kupitirira madigiri 100, iyo imangouziziritsa kuti wambiri ulowe mu injini. Yangobweza zomwe galimoto inali nazo ikuchoka ku fakitale.

Chomwe sichinasinthe ndi ulesi wa m'tauni. Ukaima nthawi yaitali pamzere wa magalimoto mu Chipembere Highway, mphepo siilowa pa chibowo, kutentha kwa injini kumakwera n'kuphika intercooler. Poyambapo galimoto imakhala yolemera mpaka mphepo iombe. Umu ndi mmene zokhala pamwamba pa injini zilili, yatsopano kaya yakale. Chinathandizako pang'ono ndi kusintha labala wa kunsi kwa boneti yemwe amalondolera mphepo, poti wakale anali atanyenyeka.

M'dzinja ndinapeza masamba ndi ngumbi zitadzaza m'tizipsepse, moti tsopano ndikamatsukitsa galimoto ndimauza anyamata athirepo madzi pang'onopang'ono, osati ndi makina amphamvu aja, amapinda tizipsepse. Kilampu imodzi inamasuka titadutsa msewu wamabampu, tinangoimanga. Pa sevisi yapitayi ndinapempha makaniko aipopenso intercooler ndi kuwaza sopo. Thovu panalibe, ndipo m'paipi munali kaoyilo kochepa komwe kaja.