Kachipangizo kothandiza kumva, chaka chitadutsa

Chingwe cha kachipangizo kanga kothandiza kumva, cholumikiza purosesa (kamakina kakunja kotola mawu) ndi maginito omamatira pamutu, chinaduka sabata yatha, ndipo mtengo umene ogulitsa a ku Lusaka anditchulira ndi umene wandikhazika pansi kuti ndilembe. Kachipangizoka, kotchedwa cochlear implant, amakaika mkati mwa khutu pa opaleshoni; ine ndinaikidwa makutu onse atagontha ndi matenda oumitsa khosi, ndipo tsopano chaka chadutsa.

Maginito amagwira ndithu, ngakhale pa njinga m'misewu yokumbika. Batire yotchaja imandifikitsa madzulo. M'nyumba, tili awiri ndi amake ana, timacheza bwinobwino, ndipo pa ichi chokha ndimathokoza Mulungu.

Pagulu mpamene pali nkhondo. M'khutu labwino muli timaselo pafupifupi 3,500 timene timapereka mawu ku mtsempha wa kumva, pomwe zipangizozi nthawi zambiri zimakhala ndi maelekitirodi (timawaya totumiza mawu ku mtsemphawo) 12 mpaka 22 basi. Mawu amafika operewera, kukwera ndi kutsika kwa liwu sikumveka bwino, ndiye chotsalacho amadzaza ndi ubongo. Ndikakhala pa msika wa Kapata kuno ku Chipata, mayi wogulitsa tomato akandiyankha, ndimayenera kugwira liwu lake lokha, kukankhira kumbali wailesi ndi anyamata oitanira, kusunga m'mutu mawu oyamba kwinaku ndikuganizira amene ndaphonya. Pamene ndamanga chiganizocho, iye ali kale pa china. Pamaliro, anthu akamalankhulira pansi m'mdima nkhope zosaoneka, ndimangogwedeza mutu, mtima ukuwawa.

Chimene palibe anandiuza n'chakuti kumva kotere kumatopetsa. M'mawa mdzukulu wanga ndimamumva zonse. Ikamakwana 16 koloko, mwana yemweyo, mawu omwewo, sindigwirapo kanthu. Katswiri wa makutu anayeza, makina ali bwino. Anati ndi mutu umene watha mphamvu yotchera khutu. Kuyambira pamenepo ndimapempha anthu kuti ayambe andiuza mutu wa nkhani, andiyang'ane, ndipo alankhule mmodzimmodzi. Ndikadziwa kuti tikukamba za feteleza, mawu ambiri amabwera okha. Nkhani zolemera kwathu timakambirana m'mawa.

Masiku ena ndimati kachipangizoka kanandibwezera moyo. Lero, ndili chigonthere kudikira chingwe, sindinganene choncho ndi mtima wonse. Tisanalipire, ogulitsa ankayankha foni nthawi yomweyo. Pano uthenga wa pa WhatsApp umagona masiku, zosinthira amawerengera m'madola, ndipo kukasintha makonzedwe a purosesa kumafuna ulendo wa ku Lusaka wa makilomita oposa 550 pa Great East Road, kuphatikiza pogona. Ndalama ya chingwe chokha yadya imene tinasungira mbewu.

Amene mukuganiza zoikidwa, sindikukuletsani, ikitsani. Koma musanapereke ndalama, akulembereni papepala mitengo ya chingwe, batire ndi maginito, anene amene adzakuphunzitsani kumvetsera mukabwerera ku Chipata, ndipo chingwe chachiwiri chilowe mu mtengo woyambawo.