Pepala kapena mzere wa pensulo: ndi njira iti imene imakudikira ukasiya kusoka?

Ife amene timalumikiza zigamba ndi manja tikudziwa kuti chofunda chimodzi sichitha mwezi umodzi. Umachiyamba mtima uli m'mwamba, kenako kubwera matenda, ntchito, maulendo, n'kuchitsekera m'bokosi. Tsiku lodzachitulutsa, patapita mwina theka la chaka, umangochiyang'ana n'kumadzifunsa kuti kodi ndinalekera pati. Ine panopa ndili ndi zofunda ziwiri zosatha, china ndikusoka pa mapepala, china pa mzere wa pensulo. Zonse n'zokongola, ndiye za kukongola tisakambe. Chimene ndikufuna tiyerekeze n'chakuti mwa njira ziwirizi ndi iti imene imapirira kusiyidwa, ndipo ndi iti imene imakufikitsa kumapeto.

Njira ya mapepala ndi ija imadziwika kuti English paper piecing. Mumadula pepala lolimbirako pa msinkhu weniweni wa kachigamba, n'kudula nsalu yokulirapo ndi mamilimita 6 kapena kuposerapo pang'ono mbali zonse. Nsaluyo mumaipindira pa pepala n'kuigwiriza ndi ulusi kapena guluu wochoka ndi madzi. Mukatero mumaphatikiza tizigamba tiwiri maso ndi maso n'kumasoka mokulunga m'mphepete mwenimweni, singano ikungotola timaulusi tiwiri kapena titatu ta nsalu, osaboola pepala. Si njira yadzana: bungwe la Quilters' Guild ku Britain limasunga chofunda cha silika cholembedwa chaka cha 1718, ndipo mapepala amene mwini wake anasokerapo akadali mkati mpaka lero.

Njira inayo n'njachidule kufotokoza. Mumajambula mzere wosokapo kumbuyo kwa nsalu potsatira pateni, kudula mosiya mamilimita 6, kubaya mapini pa makona kuti mizere iwiri ikumane, n'kusoka molowa ndi kutuluka. Singano imatola masitichi atatu kapena anayi musanakoke ulusi, ndipo pakapita kamtunda mumabwerera sitichi imodzi m'mbuyo kuti msoko ulimbe.

Pa nkhani yosiya n'kudzayambiranso, pepala limapambana, ndipo limapambana patali. Kachigamba kamene kagwirizidwa kale kakhoza kukhala m'chitini chaka chathunthu osayoyoka m'mphepete, osakwinyika, osatamuka. Chachikulu kwambiri n'chakuti dzanja la munthu limasintha. Mmene ndinkakokera ulusi chaka chatha si mmene ndikukokera lero. Koma pepala silisintha, choncho kachigamba ka lero kamakwana ndendende pambali pa ka chaka chatha ngati kuti ndinatisoka tsiku limodzi. Komanso pepalalo limasunga mawu. Ine ndimalemba pa lililonse nambala ya mzere ndi kamuvi kolozera kumtunda, ndipo ndikatsegula chitini sindivutika kukumbuka, ntchito imandiuza yokha pamene ndinalekera.

Mzere wa pensulo umafuna kuusamala kwambiri musanautsekere. Pano ndili ndi chilonda. Nthawi ina ndinajambula zigamba za mabuloko ambiri (buloko ndi kagulu ka zigamba zolumikizidwa kukhala chigawo chimodzi cha chofunda) ndi cholembera chija inki yake imazimiririka yokha ndi mpweya, ndikuganiza kuti ndizisoka sabata yomweyo. Sizinatheke. Nditabwererako ndinapeza nsalu zili mbee, popanda ndi kadontho komwe, ndipo kujambulanso pa zigamba zoduladula kale ndi ntchito yowawa chifukwa nsalu yaing'ono siikhazikika pansi pa pensulo. Kuyambira pamenepo ndimagwiritsa pensulo wamba wosongoka bwino, ndipo pa nsalu zakuda wa choko kapena wasiliva. Mapini nawo musawasiye mu nsalu, pakakhala chinyontho amachita dzimbiri ndipo banga lake silichoka msanga. Vuto lina limabwera mwakachetechete: pateni ya katoni imadyeka m'mphepete mukaizunguliza pensulo kambirimbiri, ndiye mabuloko omaliza amatuluka ocheperako kuposa oyamba. Ngati ntchito itenga chaka, dulani pateni ya pulasitiki, ndipo ikhale m'thumba limodzi ndi nsalu zake.

Koma tsopano tiwerenge, chifukwa apa ndi pamene zinthu zimatembenuka. Tengani tizigamba ta makona 6, mbali iliyonse masentimita awiri ndi theka, timene ambiri timayambira. Duwa limodzi, kachigamba kamodzi pakati ndi tina 6 mokazungulira, ndi tizigamba 7, mukazunguliza mzere wachiwiri timakwana 19. Chofunda cha masentimita 150 m'lifupi ndi 200 m'litali chimadya tizigamba topitirira 1,800, ndipo misoko yaifupi yotilumikiza ndi pafupifupi 5,500. Kachigamba kalikonse mumakagwira katatu: pokagwiriza, pokalumikiza, ndi pochotsa pepala. Pepalalo simulichotsa kufikira kachigambako katazunguliridwa mbali zonse, ndiye chofunda chikamakula chimalemera, chimauma, chimakana kupindika pomwe mukufuna kusoka. Zofunda zambiri za mapepala zimene ndaziona zitaima zinaima pamenepa. Maluwa anatha, ali mulu m'bokosi, okongola zedi, koma kuwalumikiza kunagwetsa mwini wake ulesi. Chiyambi cha njira imeneyi n'chokoma kwambiri moti chimabisa kulemera kwa mapeto.

Guluu amafulumizitsa kugwiriza, izi n'zoona, koma mukapaka wambiri n'kusiya ntchito nthawi yaitali, pepala limamatirira ndipo pochotsa mumakoka nsalu. Ntchito imene ndikudziwa kuti itenga zaka ndimagwiriza ndi ulusi, ndikumangotola pa makona kumbuyo osaboola pepala, kuti pepala lidzatuluke ulusiwo n'kutsala momwemo.

Mzere wa pensulo ulibe mtolo wotere. Msoko umodzi, mwatha. Palibe chochotsa, ndipo chofunda chimakhala chofewa m'manja ngakhale chitakula. Popeza simusoka kupyola pamene mizere ya pensulo imakumana pa kona, malo amene misoko itatu imakumana savuta, ndipo zigamba zokhota zimatheka bwino, pamene pa pepala zimavuta. Masitichi saoneka kumaso. Pa pepala amatulukira ngati ulusi ndi wonenepa kapena mwatola nsalu yambiri, n'chifukwa chake ambiri amasankha ulusi wopyapyala wa mtundu wa phulusa. Zala nazo zimachitira umboni: kutsina tizigamba tiwiri tolimba kwa ola lathunthu kumandipweteka chala chachikulu, pamene kusoka molowa ndi kutuluka ndimatha madzulo onse.

Ponyamula pa ulendo zonse zimatheka, ngakhale kuti pepala ndi losavuta m'malo ogwedera kapena a kuwala kochepa, poti chala chimamva mphepete pamene mzere umafuna diso.

Chimene mzere umasowa, kukumbutsa, mukhoza kuupatsa. Zigamba za buloko imodzi ndimazitunga pa ulusi umodzi motsatana ndi mmene ndidzazisokere, mfundo pansi, kuti ndizingosolola chapamwamba. M'thumba ndimaikamo buloko imodzi yotha kuti ikhale chitsanzo, ulusi womwewo, ndi kapepala kolembapo kuti mabuloko atha angati, atsala angati. Kuwerenga kumeneku musakupeputse. Jane Stickle wa ku Vermont, amene chofunda chake chili ku Bennington Museum, analemba pa kona ya chofundacho chaka cha 1863 ndi chiwerengero cha zigamba, 5,602. Pakati pake pali timabuloko 169, pafupifupi kalikonse ndi maonekedwe akeake. Ndikaganiza za nambala imeneyo ndimaona munthu amene ankadziwa pamene wafika, ndipo ndimatenga kapepala kanga n'kulembapo.

Nanga musankhe iti? Ngati nthawi yanu yosoka ndi mphindi khumi apa, khumi apo, ndipo mumadziwa kuti pamapita miyezi osagwira singano, tengani pepala, koma musaunjike maluwa. Mukamaliza asanu, alumikizeni nthawi yomweyo, ndipo chofunda muchisoke m'zigawo zinayi kapena zisanu ndi chimodzi zimene mudzaphatikize pomaliza, kuti manja asanyamule katundu yense. Ngati mumakhala pansi madzulo ambiri ndipo mukufuna kufunda chimene mukusoka, tengani mzere. Ine chofunda chachikulu cha pabedi sindidzachiyambanso pa pepala. Cha mapepala chimene ndili nachochi ndachichepetsa kuti chikhale chofunda miyendo pa mpando, ndipo chatsala ndi maluwa 9. Cha mzere chatsala ndi mabuloko 14, ojambulidwa kale ndi pensulo, otungidwa pa ulusi, ali m'thumba pambali pa mpando.