Laibulale ya Jimmy Carter ku Atlanta ndi manda ake ku Plains

Amene akufuna kukaona laibulale ya Jimmy Carter, pulezidenti wakale wa dziko la America, pamodzi ndi manda ake adziwiretu kuti malo awiriwa ndi otalikirana. Laibulale ili mumzinda wa Atlanta, pamene manda ali ku Plains, katauni ka alimi a mtedza kamene kali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 240 chakumwera, choncho ife tinapatula masiku awiri ndipo tinabwereka galimoto.

Laibulaleyi inatsegulidwa mu 1986, ndipo mbali yake ya zinthu zakale imafotokoza bwino zaka zimene Carter analamulira dziko la America, kuyambira 1977 mpaka 1981. Muli chipinda chomangidwa mofanana ndi ofesi yake ya ku White House, nkhani ya pangano la ku Camp David la mu 1978 pakati pa Egypt ndi Israel, komanso mendulo ya mtendere ya Nobel imene analandira mu 2002. Ndinayamikira kuti sanabise za masiku 444 amene nzika za America zinasungidwa mokakamiza ku Iran, ngakhale kuti nkhaniyo inathandiza kumugwetsa pa chisankho cha 1980.

Komabe chimene chinandiimitsa nthawi yaitali ndi kapaipi kakang'ono kosefera madzi, kokhala ndi chingwe chokolekera m'khosi. M'busa kapena mlimi amakaviika padziwe n'kumwa ngati akuyamwa, ndipo kasefa ka mkati kamatsekereza tizilombo tonyamula mphutsi za nyongolotsi ya Guinea. Nyongolotsiyi imakula m'thupi kwa chaka, imatalika mpaka mita imodzi, kenako imaboola khungu, kawirikawiri pamwendo, ndipo wodwala amaikulunga pakamtengo pang'onopang'ono kwa masabata, akumva ululu ngati wamoto. Ilibe mankhwala, ilibenso katemera. Pamene bungwe la Carter Center linayamba kulimbana nayo mu 1986, odwala anali pafupifupi 3.5 miliyoni pachaka m'maiko 21 a mu Africa ndi Asia, koma mu 2023 anapezeka 14 okha. Zonsezi zinatheka ndi nsalu zosefera, zitsime ndi anthu odzipereka a m'midzi momwemo, ndipo ndikadakonda mayina a anthu amenewo atamveka kwambiri kuposa momwe amamvekera. Abale athu a ku Zambia amakumbukiranso kuti Carter anabwera kudzayang'anira chisankho cha 1991, chimene Kenneth Kaunda anagonja kwa Frederick Chiluba.

Ku Plains zinthu n'zosadzionetsera. Sukulu imene iye ndi mkazi wake Rosalynn anaphunzirako ndiyo yolandirira alendo, ndipo siteshoni yakale ya sitima, imene inali likulu la kampeni yake mu 1976, ndi kanyumba kamatabwa. Mayi Rosalynn anatisiya mu November 2023, atakhala m'banja zaka 77, ndipo bamboyo anawatsatira pa 29 December 2024 ali ndi zaka 100. Awiriwa anagona moyandikana pafupi ndi dziwe, pabwalo la nyumba imene anamanga mu 1961 n'kubwereramo atachoka pampando. Tinaima pamenepo mphindi zingapo osalankhula, ndipo mnzanga amene ndinali naye anavula chipewa monga timachitira kwathu tikafika kumanda.