Matayala a Pilot Sport 4S patatha pafupifupi chaka pa galimoto yoyendera tsiku lililonse

Galimoto yanga ndi ya liwiro, ya mipando iwiri, yokankha ndi matayala akumbuyo, koma ntchito yake ndi wamba: kupita kuntchito, kubwerako, nthawi zina ulendo wautali. Matayala omwe inabwera nawo atatha ndinaika Michelin Pilot Sport 4S, 225/40 R18 kutsogolo ndi 255/35 R18 kumbuyo. Patha pafupifupi chaka tsopano, ndipo ndingawagulenso. Chachikulu chomwe andigwirira mtima ndi mvula.

Anzanga okonda mpikisano ankandikakamiza kuti nditenge aja a mano ochepa, monga Pilot Sport Cup 2. Amagwiradi msewu ukakhala wouma ndipo iwo atatentha. Koma m'mawa popita kuntchito, pamzere wa magalimoto, tayala litenthera kuti? Ndiye pali madzi. Ngalande za pa tayala ndi zomwe zimakankhira madzi kumbali. Zikachepa, tayala limakwera pamwamba pa madzi, chiwongolero n'kupepuka m'manja ngati chaduka. Ndi ma 4S anga ndawolokapo madzi odikha pamsewu waukulu, galimoto osagwedera. Ndikaponda mafuta potuluka pakona ponyowa, kumbuyo kumayamba kwachenjeza pang'onopang'ono kusanaterereke, ndipo kwa ine zimenezo n'zofunika kuposa masekondi a pabwalo la mpikisano lomwe sindipitako n'komwe.

Pambali pa tayala pali nambala ya treadwear: 300 pa 4S, 180 pa Cup 2. Yaikuluyo ikutanthauza kuti limachedwa kutha, ngakhale nambalazi zimathandiza kwenikweni poyerekeza matayala a kampani imodzi.

Akale aja anali ma run-flat, omwe ukaponda msomali umatha kuyendabe nawo makilomita pafupifupi 80 osapyola 80 km/h. M'mbali mwake ndi mouma kwambiri, ndiye kamwala kalikonse ndinkakamva kumsana. Panopa galimoto ikuyenda mofewa ndipo phokoso lachepa. Kuipa kwake, ilibe sipeya. Ndimayenda ndi kapampu kolumikiza ku galimoto ndi botolo la mankhwala omatira, koma dziwani kuti tayala likang'ambika m'mbali, zonsezo n'zopanda ntchito.

Nkhani ya kutha kwa mano ndi yomwe ndikufuna muimvetse. Akumbuyo adyeka pafupifupi theka, akutsogolo akadali ndi moyo wautali. Poti kukula kwake n'kosiyana, sindingawasinthanitse, choncho akumbuyo adzatha okha msanga, ndipo zimenezo muziwerengere pogula. Chinanso, magalimoto otere amachunidwa kuti matayala apendekere mkati pang'ono kumwamba kwake, kuti azigwira bwino pakona. Ukamayenda kwambiri msewu wowongoka, mbali yamkati ndiyo imadyeka. Ukaima panja tayala limaoneka labwinobwino, koma ukagwada n'kupisa dzanja mkatimo umapeza mwasalala. Pofuna kuona akutsogolo ndimakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto n'kusuzumira. Akumbuyo, dzanja basi. Alayimenti (kuchuna kaimidwe ka matayala) ndinachititsa tsiku lomwe ndinawaika, ndipo mpaka pano kusiyana kwa mkati ndi kunja n'kochepa.

M'ngalandemo muli timizere totukuka tosonyeza kuti kwatsala 1.6 mm. Ine sindidikira kufika pamenepo. Akafika cha pa 3 mm ndisintha, chifukwa pamadzi amakhala atayamba kale kufooka.

Mpweya ndimayeza matayala ali ozizira, motsatira kapepala komatidwa pakhomo la dalaivala, osati nambala ya pa tayala, yomwe ndi malire chabe. Pa tayala la 255/35, kuchokera pa limu kufika pansi ndi pafupifupi 89 mm basi (35% ya 255 mm, mulifupi wa tayala), ndiye mpweya ukachepa dzenje limodzi likhoza kupinda limu.

Awa ndi matayala a nyengo yotentha. Kukazizira kutsika pa 7°C labala yake imauma, ndipo okhala kogwa chipale chofewa afunika ena a nyengo imeneyo. Pogula yang'ananinso manambala anayi omaliza pa chizindikiro cha DOT, cholembedwa pambali pa tayala, omwe amasonyeza nthawi yomwe linapangidwa: 1524 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 15 m'chaka cha 2024. Akumbuyowa akatha ndidzagula awiri pamodzi a mtundu womwewu, kuti kutsogolo ndi kumbuyo kuzigwira mofanana.