Safety Check ya Facebook: kabatani komwe kanatigonetsa tulo

Usiku wa pa 13 November 2015 mlongo wanga wamng'ono anali ku Paris, komwe amachita maphunziro. Nkhani zinayamba kubwera kuti zigawenga zawombera anthu mu holo ya Bataclan ndi m'malo odyera, komanso mabomba aphulika pafupi ndi bwalo la Stade de France. Ndinamuimbira kangapo konse, osayankha. Amayi anakhala pamphepete pa bedi atagwira foni yanga ndi manja awiri, ngati kuti ikakhala m'manja mwawo ndiye ayankha msanga. Mphindi iliyonse ankangoti, "Mwanawe, tayesanso."

Kenako foni inathwanima. Facebook imandiuza kuti mlongo wanga wadzilemba kuti ali bwino. Mawu ochepa chabe, koma amayi anapumira m'mwamba n'kukagona. Anthu 130 anafa usiku umenewo.

Chomwe chinatipatsa uthengawo ndi Safety Check. Facebook inaikhazikitsa mu October 2014, ndipo maganizo ake anachokera pa chivomezi ndi tsunami za ku Japan za 2011, pomwe anthu ankasakasaka abale awo pa intaneti. Kagwiridwe kake n'kosavuta. Kukagwa ngozi, Facebook imayang'ana mzinda womwe unalemba kuti umakhala komanso komwe ukulowera pa intaneti. Ikaona kuti uli pafupi, imakufunsa ngati uli bwino. Ukadina kamodzi, anzako onse amadziwa. Mnzako yemwe wakuona ndi maso angathenso kukulembera.

Kudina kamodziko ndi komwe ndimakukonda. Munthu ali pa mavuto, batire ikutha, netiweki yadzaza, ndiye abale makumi atatu akumuimbira nthawi imodzi, aliyense akufuna kumva yekha. Mlongo wanga anandiuza mawa lake kuti anabisala m'nyumba ya mnzake, foni ataitsekera mawu. "Achemwali, ndikanayankha aliyense foni ikanazima," anatero. Ndinamukalipirabe, nanga si ndinali nditalira kale.

Si chida chopanda chilema ayi, ndipo zolakwika zake zinalembedwa ponseponse. Paris kanali koyamba kuigwiritsa ntchito pa chiwembu cha anthu. M'mbuyomo inkayatsidwa pa ngozi zachilengedwe, monga chivomezi cha ku Nepal cha pa 25 April 2015. Koma tsiku limodzi chiwembu cha ku Paris chisanachitike, pa 12 November 2015, mabomba anali atapha anthu oposa 40 ku Beirut ndipo Safety Check siinayatsidwe. Anthu anafunsa, mwachilungamo ndithu, kuti moyo wa ndani ndi womwe umawerengedwa. Mark Zuckerberg, mkulu wa Facebook, anayankha kuti ayamba kuiyatsa pa ngozi zambiri zotere. Pa 27 March 2016, bomba litaphulika m'paki ku Lahore, mzinda wa ku Pakistan, funso lija lofunsa ngati uli bwino linakafika mpaka kwa anthu a ku New York ndi London, ndipo kampaniyo inapepesa.

Chaka chomwecho anasintha kuti izitha kuyaka anthu ambiri a dera limodzi akamalemba za ngozi. Zikumveka bwino, koma mphekesera nayo imalembedwa ndi anthu ambiri. Mu December 2016 inayaka ku Bangkok n'kunena za kuphulika, pomwe chinachitika n'chakuti munthu wina anaponya timakombola pafupi ndi maofesi a boma. Tsambalo linalozeranso owerenga ku nkhani yakale ya bomba la mu 2015. Taganizani muli ndi mwana ku Bangkok tsiku limenelo.

Chomwe chimandisowetsa mtendere kwambiri sichikhudza zolakwika zimenezi. Ndi kukhala chete. Pa tsambalo anzako amagawidwa: awa ali bwino, awa sanayankhe. Kusayankhako sikutanthauza kalikonse. Mwina munthu wagona, mwina foni yazima, mwina analemba mzinda womwe anasamukako kalekale, mwina sakonda Facebook basi. Koma kwa kholo lomwe likuona anzake onse a mwana wake atadina, iye yekha osadina, mtima umathamangira kumanda. Ndipo chivomezi kapena madzi osefukira zikagwetsa nsanja za netiweki ndi mapolo a magetsi, omwe ali pakati penipeni pa ngoziyo ndi omwe sangathe kudina.

Dziwaninso kuti kabatanika sikaitana ambulansi kapena ozimitsa moto. Mu 2017 anawonjezera Community Help, pomwe anthu amapempha kapena kupereka madzi, malo ogona ndi mayendedwe, kenako n'kuziika zonse pamodzi pansi pa dzina loti Crisis Response. Gawo limeneli ndi labwino pa masiku otsatira ngozi. Pa ola loyamba, malangizo oti thawirani uku kapena musatuluke ndimakawatenga pa masamba a apolisi ndi a nthambi yoona za ngozi, ndipo ndimayang'ana nthawi yomwe uthengawo walembedwa ndisanautumize kwa wina.

Ine ndimaigwiritsabe ntchito, ndipo ikandifunsa ndimadina pomwepo. Kungoti ine ndi mlongo wanga tinagwirizana kuti choyamba azitumiza SMS, chifukwa imatha kudutsa ngakhale intaneti ikukanika. Usiku uja amalume, omwe alibe Facebook, anakhala maso mpaka mbandakucha. Tonse tinagona poganiza kuti wina wawauza.