QR, TikTok kapena status: chimene chimabweretsa kasitomala ku shedi yanga ya mipando

Pa gulu lathu la WhatsApp la amalonda a pa Dedza boma funso ili silikutha: ndiike QR pa chikwangwani, kapena ndilimbikire makanema? Ena mwakhala mukundifunsa kumbali chifukwa munaona QR, kabokosi ka timadontho takuda kaja, pa malisiti anga. Ndiyankhe kamodzi pano. Ine ndine kalipentala, ndimakhoma mabedi, matebulo ndi masofa a matabwa a paini, choncho zonena zangazi ndi za katundu wolemera amene munthu satulutsira ndalama asanamuone.

Ndiyamba ndi QR chifukwa ndi amene anandiwawa.

Ma QR alipo a mitundu iwiri, ndipo masamba ambiri owapangira pa intaneti safulumira kukuuzani kusiyana kwake. Woyamba amati static. Nambala yanu kapena adiresi ya tsamba lanu imalembedwa m'timadontho momwemo, palibe amene angaizimitse, ndipo imagwira ntchito mpaka pepalalo litang'ambika. Wachiwiri amati dynamic. M'timadontho take mulibe adiresi yanu, muli ya kampani imene yakupangirani. Kasitomala akasikana ndi kamera ya foni yake, foniyo imayamba yafika kwa iwo, iwowo n'kumulozera kwa inu. Ubwino ulipo: mutha kusintha kolozera popanda kusindikizanso, ndipo amakuwerengerani anthu amene asikana. Koma zili ngati kumanga nyumba pa malo a eni, tsiku lina adzangokutsekerani njira.

Tsamba limene ndinapangirapo wanga linalemba kuti ndi zaulere, m'zilembo zikuluzikulu. Ndinapanga, ndinayesa pa foni, zinatheka. Ndinatumiza ku Lilongwe kuti andisindikizire masitika ndi chikwangwani choika m'mbali mwa msewu. Sipanapite nthawi, mayi wina wa ku Bembeke amene anagula bedi anandiimbira kuti mchemwali wake wasikana sitika ija koma ikungomufikitsa pa tsamba lachizungu lonena kuti QR watha ntchito. Kutsegula imelo, ndinapeza uthenga: nthawi yoyeserera yatha, lipirani kuti titsegulenso. Mtengo unali m'madola, wolipira chaka chonse pakamodzi, kudzera pa khadi la banki. Airtel Money kapena Mpamba sankazidziwa n'komwe.

Chimene chinandipweteka si mtengowo ayi, ndi nthawi imene anadikira kuti aunene. Anadikira kuti ndisindikize kaye. Masitika anali atamatidwa kale kuseri kwa mabedi amene anapita ku Linthipe, ku Lizulu mpaka ku Ntcheu boma, ndipo sindikanayenda khomo ndi khomo kukamatula. Njira yoti nditenge QR yemweyo n'kumusamutsira kwina panalibe, popeza adiresi ya m'katimo ndi yawo. Sindinalipire, ndipo sindidzalipira. Chikwangwani chija pano chimatchinga mphepo pa zenera la shedi, ndipo ndi kuzizira kwa kuno m'mwezi wa Juni ndi Julayi, ntchito imeneyo chikuigwira bwino.

Amene mukufunabe QR, musanapereke kwa osindikiza, sikanani nokha muwerenge adiresi imene yatuluka pa foni. Ngati si yanu, mwagwidwa kale. Komanso WhatsApp Business, imene inayamba mu 2018, ili ndi QR wakewake waulere amene amatsegula macheza ndi nambala yanu, ndipo satha pokhapokha inuyo mutamusintha. Ameneyo ndi amene ali pa malisiti anga tsopano.

Ngakhale QR wabwino ali ndi malire kuno kwathu. Anapangidwa ku Japan mu 1994 ndi kampani ya Denso Wave kuti azilondolera zipangizo za galimoto m'fakitale, pamene chinthu chili pafupi ndipo makina achiyang'ana bwinobwino. Pa M1 minibasi ikuthamangira ku Blantyre, ndani atulutse foni pa zenera kuti asikane chikwangwani? Nambala yolembedwa ndi penti, yaikulu, munthu amailoweza. Ambiri ogula kwa ine ali ndi foni za mabatani. Ena ali ndi foni zamakono koma anagula bandulo ya WhatsApp yokha, ndiye QR wolozera ku tsamba la intaneti amangozungulira osatseguka. Dzuwa nalo likawaula sitika, timadontho timatuwa ndipo kamera imalephera kuwerenga.

Makanema ndi nkhani ina, koma nawonso safanana.

YouTube ndi ya ophunzitsa ndi oimba, wogulitsa bedi musatayeko nthawi.

Facebook ndimaikonda m'magulu ogulitsana katundu, komwe kuika kanema n'kwaulere. Kubusita, kuja kolipira Facebook kuti kanema afikire anthu ambiri, ndiko ndinasiya. Malipiro ake amatsata dola, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imodzimodziyo imafikira anthu ochepa. Onjezani vuto la ndalama zakunja, khadi nthawi zina limangokana. Alipo anyamata amene amati apatseni makwacha akubusitireni, koma nawo amaikapo yawo.

TikTok mphamvu yake ndi iyi: imaonetsa kanema wanu kwa anthu amene sakukudziwani, popanda kulipira. Makanema amene amayenda kwa ine si a katundu womalizidwa atayalidwa bwino ayi. Ndi aja ndikupala thabwa, zipalo zikugwa pansi zitapiringana, kapena ndikupaka vanishi mizere ya paini n'kumaonekera pang'onopang'ono. Anthu amaonera mpaka kumapeto. Ambiri ndi ongoyamikira, ndipo mukamawerenga chiwerengero cha oonera mutha kudziona ngati mwalemera pamene m'thumba muli mbee. Koma pakati pawo pali Amalawi a ku Joni. Iwowa ndi amene amalemba kuti mayi awo ali ku Mayani kapena ku Kasumbu, akufuna sofa ifike Khirisimasi isanakwane, ndipo ndalama amatumiza. Oterewa QR wa pa msewu sakanawapeza. Choipa chake TikTok imadya data koopsa, ndipo kukweza kanema netiweki ikamavuta kumafuna mtima wautali.

Status ya WhatsApp ndiye mnzanga wakale, ndipo ndikuvomera kuti ndimaikondera. Imatha pa maola 24, ndipo amaiona ndi okhawo amene munasungirana manambala. Ena amati kumeneko n'kuchepa kwake. Kwa ine ndi mphamvu yake, chifukwa oonawo ndi aphunzitsi, anamwino ndi a ku tchalitchi amene anakhalapo kale pa mpando wanga. Kumapeto kwa mwezi, malipiro akangolowa, ndimaika kanema wamfupi wa tebulo ndi mtengo wake wolembedwa poonekera. Osabisa mtengo n'kumati bwerani ku inbox, anthu anatopa nazo. Mafunso amabwera tsiku lomwelo, ndipo bandulo yake ndi imene pafupifupi aliyense amakwanitsa.

Ndiye mukandifunsa kuti ndalama yochepa muike pati, ndikuti gulani data mujambule. TikTok ikupezereni achilendo, pa kanema aliyense lembanipo nambala, akabwera pa WhatsApp asungeni kuti mawa aone status. QR muike pamene munthu waima kapena wakhala pansi foni ili m'manja: pa lisiti, pa kauntala, pa tebulo la lesitilanti. Akhale wa WhatsApp Business kapena static, musiye malo oyera m'mbali mwake monse, ndipo pansi pake mulembe nambala yanu m'manambala oti ndi agogo omwe awerenge.