Tchuthi cha ku Udzungwa kuchokera ku Mzuzu: galimoto mpaka Mbeya, kenako sitima ya TAZARA

Ku Mzuzu kulibe njanji. Sitima ya anthu ya kwathu kuno imayenda kummwera, cha ku Limbe, Balaka ndi Nayuchi, choncho yomwe tili nayo pafupi ife a kumpoto ndi ya TAZARA, yokwerera ku Mbeya m'dziko la Tanzania. Ulendowu, wopita ku nkhalango yotetezedwa ya m'mapiri a Udzungwa ku Tanzania komweko, ndi wabwino kwa munthu amene sakuthamangira kulikonse. Wa changu angokwera basi.

Kuchoka ku Mzuzu kukafika ku Karonga pa msewu wa M1 ndi makilomita pafupifupi 220, kenako ena ngati 45 kukafika pa chipata cha Songwe. Thirani mafuta odzaza musanatuluke mumzinda. Povuta ndi pa Chiweta. Msewu umatsika mokhotakhota, ndipo amene amatsika ataponda buleki njira yonse amaitenthetsa mpaka kusiya kugwira. Mukamva fungo lopserera, imani pambali izizire. Tsikani ndi giya yachiwiri, ya otomatiki muike pa L kapena 2, ndipo musapikisane ndi mathanki a mafuta pa makona. Anyani a pamenepo musawaponyere chakudya, azolowera kale.

Kuoloka ndi galimoto yanu kumafuna bulubuku, inshuwalansi ya COMESA ija amati Yellow Card, ndi chilolezo cholowetsa galimoto kwa kanthawi. Ngati si ya dzina lanu, tengani kalata ya mwini wake. Kunena zoona, kuisiya pamalo otetezeka ku Karonga n'kukwera Sienta mpaka pa boda kumachepetsa mutu. Tsidya linalo ndi Kasumulu, ndipo mabasi aang'ono amadutsa m'minda ya tiyi ndi nthochi ya ku Tukuyu kukafika ku Mbeya. Amalawi safunika viza, pasipoti yokha ikwana. Koma wotchi: kumeneko nthawi ili patsogolo ndi ola limodzi.

Njanji ya TAZARA ndi ya makilomita 1,860, kuchokera ku Dar es Salaam mpaka ku Kapiri Mposhi ku Zambia, ndipo anaimaliza mu 1975 ndi thandizo la China. Ukalamba wake ukuoneka. Sitima imachedwa, nthawi zina maola ambiri, makamaka yochokera ku Zambia chifukwa imakhala itayenda kale mtunda wautali. Fikani ku Mbeya dzulo lake, mugone komweko, ndipo tsiku lonyamuka mufunse ku siteshoni, osadalira zomva.

Gulani tikiti ya kalasi yoyamba ya sitima yolowera ku Dar es Salaam. Chipinda chimakhala ndi mabedi 4, pomwe cha kalasi yachiwiri chili ndi 6. Amuna ndi akazi amagona kosiyana pokhapokha mutalipira chipinda chonse, ndiye ngati muli ndi banja lipirani chonsecho pasadakhale. Chakudya chilimo, mpunga, nsima, nkhuku ndi tchipisi, koma madzi akumwa, tishu, tochi ndi pawabanki bwerani nazo nokha. Madzi a kubafa amatha ulendo uli mkati. Mu June ndi July musaiwale juzi, Mbeya imazizira ngati Chikangawa.

Chokoma cha ulendowu chili pakati pa Makambako ndi Mlimba, pomwe sitima imalowa m'mapanga ndi kuoloka milatho italiitali ikutsikira m'chigwa cha Kilombero, dzina lomwe ife timalidziwira pa mpunga wa ku Karonga. Tsoka lake, nthawi zambiri imadutsapo usiku. Pa masiteshoni aang'ono amayi amanyamula nthochi ndi chimanga chootcha pamutu n'kumagulitsira pa zenera, ndiye khalani ndi mashilingi osintha m'thumba.

Tsikirani pa Mang'ula, pafupi ndi chipata cha nkhalango ya Udzungwa. Mmenemo mumayenda wapansi ndi wolondolera, ndipo mathithi a Sanje, otalika mamita 170, amafuna nsapato zogwira bwino. Musanagone muuzeni wogwira ntchito m'chitolokosi chanu kuti akudzutseni, chifukwa sitima siikhalitsa pamenepo, ndipo a malo ogona muwauziretu adzakuchingamireni ngakhale itafika mbandakucha.